Bango la a Fakiri

Ku Mwadzama kuno madzi akavuta pakhomo, anthu amapita kwa a Fakiri. Iwo ndi wokumba ngalande. Ndi bambo wamfupi, wa imvi m'ndevu mokha, ndipo msana wawo unawerama kalekale moti akamayenda amaoneka ngati akufunafuna chinthu chomwe anataya dzulo. Katundu wawo ndi khasu, fosholo yolala kukamwa, ndi botolo la madzi lomangidwa chingwe pakhosi. Madziwo si akumwa. Akafika pamalo amathira pang'ono pansi, n'kunjuta, n'kumayang'ana kumene akulowera. "Madzi sawalamula," amatero. "Amatsogola okha, iwe khasu pambuyo."

Anabadwira ku boma, m'nyumba zakale zija zoyandikana ndi mzikiti, kwa bambo wokhoma mabwato. Abale awo onse analowa m'nyanja, koma iwo nyanja inawakana. Bwato likangochoka pamchenga m'mimba munkatembenuka, mpaka bambo awo anatopa n'kuwagulira khasu. Anayamba ndi ngalande za m'minda ya mpunga, kenako anapita ku Dwangwa kukakumba za m'minda ya nzimbe. Atakwatira a Mwanahalima analowa ganyu kwa makontilakita oyala mapaipi a madzi, ndipo kumeneko ndi kumene anatola mawu oti thirenchi. Akapitawo chilichonse chachitali chokumbidwa ankachitcha choncho: ya mapaipi thirenchi, ya maziko a nyumba thirenchi, ya nthambo za mafoni thirenchi, ngakhale maenje obisalamo asilikali pankhondo akuti nawonso ndi thirenchi. A Fakiri mpaka lero amawatchula mawuwo ngati munthu wolavula njere. Amati thirenchi amaikumba kuti aikwirire, pomwe ngalande umakhala nayo pakhomo ngati mbuzi, ndiye iyenera kudziwa eni ake.

Ali ndi ntchito inanso, yomwe salipidwa. M'mudzi mukagwa maliro, ndi iwo amene amatsogolera okumba manda, poti dothi la kuno amalidziwa ngati chikhatho chawo. Amadula bango kudambo, n'kulowa nalo m'nyumba ya maliro, n'kuyeza womwalirayo, n'kulithyola pa msinkhu wake. Bangolo ndi limene limapita kumanda anthu asanapite.

Shamsa ankawadziwa a Fakiri pa ntchito yachiwiriyi. Mwana wake woyamba, Hamza, anamwalira ndi malungo ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Amayi sapita kumanda, choncho iye anatsala m'nyumba pakati pa zitenje za anzake. Chimene chinamutsalira m'maso si sanda yokulungira mtembo, si jeneza lonyamulira maliro, koma kabango kafupi ngati mkono kakutuluka pakhomo m'manja mwa a Fakiri. Panadutsa zaka zitatu, komabe akawaona akubwera m'njira ankapatuka, ngati wakumbukira kuti wasiya kanthu pamoto.

Tsopano anali ndi Madina, wa chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi iwiri, mwana wosadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Shamsa ankavindikira ndowa iliyonse n'kutsamiritsa mwala. Ankakhudza chipumi cha mwanayo kambirimbiri patsiku, ndipo buku la kusikelo analiwerenga mpaka ngodya zake zinafewa ngati nsalu. Mwamuna wake Salimu, yemwe ankapha nsomba ku Dwambazi n'kumabwera pakatha milungu itatu, ankamuseka kuti, "Mwanayu udzamulerera m'botolo." Shamsa sankaseka nawo.

Nyumba yawo ndi ya zidina, yomangidwa m'munsi mwa kachitunda. Chaka chimenecho anthu a kumtunda anadula mitengo n'kulima chinangwa, ndipo madzi anasintha njira. Mvula yoyamba ya Disembala inatsika molunjika n'kudzagunda khoma lakumbuyo, lomwe iye ndi mwanayo ankagona m'mbali mwake. Shamsa anatenga khala n'kulemba mzere pomwe chinyontho chinalekezera. Mvula yachiwiri itagwa, chinyonthocho chinapitirira mzerewo ndi chikhatho chathunthu.

Anamuimbira foni Salimu.

"Pita kwa a Fakiri," anatero Salimu.

"Palibenso wina?"

"Wina ndani? Ukufuna anyamata aja anakumba kwa azakhali, madzi n'kumabwerera m'khitchini? Basi ndiwaimbira ndekha."

A Fakiri anafika Lachiwiri m'mawa. Anapereka salamu, Shamsa n'kuyankha maso ali pansi, mwana ali kumsana. Iwo anazungulira nyumba, n'kuthira madzi awo aja malo atatu, kenako anadina khoma ndi chala chachikulu. Chalacho chinalowa.

"Make Madina, khomali lamwa," anatero. "Mvula ziwiri zazikulu, ligona. Ngalande iyambira pa mtengo wa mango uja, idutsa kuseri kuno, ikathira kudambo."

Shamsa analowa m'nyumba kukawathirira tiyi, poti mlendo ndi mlendo ngakhale ukumuopa. Anamutsitsa Madina kuti asamuotche ndi ketulo, ndipo pomwe ankasaka shuga mwanayo anali atatuluka kale. Atafika pakhomo ndi kapu m'manja, anaona a Fakiri atanjuta pabwalo. M'manja mwawo munali bango laliwisi. Analigunditsa ku mwendo wa Madina, mwanayo akuseka n'kumawakoka ndevu. Anaika chala pabangopo, n'kulithyola.

Kapu inagwa. Shamsa sanakuwe. Anangomutsomphola mwanayo n'kumupanikiza pachifuwa mpaka analira.

"Chokani," anatero ndi mawu otsika. "Mwana wanga ali moyo. Chokani pakhomo panga."

A Fakiri anayang'ana kabango kali m'manja mwawo, n'kuyang'ana mayiyo. Nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene waponda mbale ya eni ake.

"Pepani, mama. Ndikanayamba ndi pakamwa."

Koma chitseko chinali chitatsekedwa kale. Shamsa anawamva akutola khasu ndi fosholo, botolo likugunda pa mpini mpaka phokosolo linazimirira.

Anasambitsa mwendo wa mwanayo ndi sopo katatu, akunong'ona madua, mapemphero onse omwe ankawadziwa. Masiku atatu anadikira kutentha thupi. Madina anadya phala, anathamangitsa anapiye, anagona. Salimu ataimba kufunsa za ngalande, Shamsa anati a Fakiri atanganidwa kwina.

Lachisanu masana kunagwa mvula yoyamba mwa ziwiri zija. Chinyontho chinakwera kufika m'chiuno, pomwe analembanso mzere wina wakhala, ndipo pakona panatseguka mng'alu woti n'kulowetsamo chala. Shamsa anasamutsira mphasa pabalaza, koma nyumba ya zipinda ziwiri ilibe kutali. M'mawa mwake anatenga khasu n'kuyamba kukumba yekha kuseri. Anakumba mozama ndi mowongoka monga ankaganizira kuti ngalande imakhalira, mpaka manja anatuluka matuza. Madzi otsika m'chitunda analowamo n'kuima. Sanapite kulikonse. Atacheuka anaona Madina akubwera, manja ali m'mwamba, maso ali pa madzi onyezimirawo. Anamubereka, n'kukwirira dzenje lonselo mwana ali kumsana. Atamaliza anakhala pansi pamatopepo. Akasiya madzi, khoma ligwera mwana. Akakumba, mwana agweramo.

Lolemba linali tsiku la sikelo. Shamsa ndi munthu amene maso ake sakhala chete, ndipo tsiku limenelo ankangogwera pa ngalande. Ya kuchigayo, yomwe aliyense amadziwa kuti anakumba ndi a Fakiri, inali yozama, makoma ake ali chilili. Koma ya pakhomo pa Iness, mayi wa mapasa, inali yotambalala ngati lichero, yosazama, m'mbali mwake mopendekeka. Kumutu kwa ngalandeyo kunali kabango kouma kozikidwa m'dothi. Anapitirira nyumba ziwiri, n'kuonanso ngalande ya mtundu womwewo, nakonso kabango. Pa nyumba yachitatu chimodzimodzi. Anaima. Ana a m'nyumba zonsezo ankawadziwa. Onse anali moyo, ena pomwepo akulimbirana chigubu, mamina ali mpaka pachibwano.

Pochokera kusikelo sanakhotere kwawo.

A Mwanahalima anali pakhonde akupeta mpunga. Ndi mayi wonenepa, wa mawu aakulu, amene amalankhula za amuna awo ngati iwo palibe, chonsecho ali pomwepo. A Fakiri anali pansi pa mtengo akukhoma mpini.

"Wabwera mwana uja munamuopseza," anatero a Mwanahalima atayankha salamu. "Khala apa, mwanangu. Ine ndinawauza, pakamwa Mulungu anakupatsani si podyera pokha. Munthu wokumba manda n'kufika pakhomo pa mayi amene anaikapo kale mwana, n'kuyamba kuthyola mabango osanena kanthu? Ndikanakhala ine ndikanakuthirani tiyi yemweyo."

"Anataya pansi," anatero a Fakiri. "Ndi shuga yemwe."

Shamsa anakhala pamphasa, Madina ali pamiyendo. 

"Ababa, ndaona mabango kwa Iness ndi kwina. Ndimafuna ndidziwe."

A Fakiri anaika mpini pansi. Anapukuta manja pa thalauza nthawi yaitali.

"Wa kumanda ndimamuyeza chogona, kumutu mpaka kumapazi," anatero. "Wamoyo ndimamuyeza choimirira, phazi mpaka bondo. Ngalande ya pakhomo isazame kuposa bondo la mwana wamng'ono wa pakhomopo. Ndi zokhazo."

Shamsa anatseka maso n'kuonanso m'mawa uja. Bango linali chilili. Linalekezera pa bondo. Anaziona ndithu ndi maso ake, koma mtima unali utathamangira kale kwina.

"Muuzeni zonse," anatero a Mwanahalima. Lichero linali litaima. Amuna awo atatolanso mpini, anapitiriza okha, mawu aakulu aja atachepa. "Ifenso tinali ndi wathu, Abasi. Anali wa zaka ziwiri. Chaka cha mapaipi, thirenchi inadutsa kuseri kwa nyumba yathu. Kapitawo ankafuna yofika m'chiuno, makoma owongoka. Mapaipi anachedwa, mvula sinachedwe. Ine ndinangolowa m'nyumba kukatenga mchere."

"Madzi sanali ambiri," anatero a Fakiri, akuyang'ana pansi. "Akanapeza pogwira akanatuluka. Tinapeza pomwe tizala take tinakanda pakhoma, m'matope. Chigawo chimenecho ndinakumba ndine. Kapitawo anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndawongola bwino."

Nkhuku inabwera kudzatola mpunga m'mphepete mwa mphasa, ndipo palibe anaithamangitsa.

"Ganyu ija anaisiya tsiku lomwelo," anatero a Mwanahalima. "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi tsopano. Anthu akale akudziwa, ndiye iwo amayesa aliyense akudziwa. Iwe unali usanabadwe."

Shamsa anafuna kupepesa, koma a Fakiri anakweza dzanja.

"Wolakwa ndine. Bango lija munaliona kale m'manja mwanga tsiku lina. Ine ndinakumbukira mutatseka chitseko." Anatembenukira kwa Shamsa. "Hamza. Ndinamuika pamalo ouma, mama, pansi pa mtengo. Madzi safikapo. Ndinaonetsetsa."

Zaka zitatu zonsezo panalibe amene anamuuzapo Shamsa za malo amene mwana wake anagona. Analira mosatulutsa mawu, chibwano chili pamutu pa Madina. A Mwanahalima anayambanso kupeta, pang'onopang'ono, osayang'ana kwa iye.

M'mawa mwake a Fakiri anafika ndi bango latsopano. Sanayandikire mwanayo. Analipereka kwa Shamsa.

"Yezani nokha."

Bangolo linali lozizira, la mame. Shamsa anagwada, n'kuliimika pambali pa kaphazi ka Madina. Bango linkagunda mwendo, mwanayo n'kumayesa masewera. Anaika chala pa bondo. Kuthyola kunamukanika.

"Bisimila, n'kuthyola," anatero a Fakiri.

Anathyola.

Ntchito inatenga masiku anayi. A Fakiri sayamba kukumba kumtunda kumene madzi akuchokera. Amayambira kumunsi kumene akathire, n'kumakwera chobwerera, kuti mvula ikawapeza pakati madzi apeze njira yotseguka kale. Akakumba mapazi asanu ankaimika kabango kaja pansi pa ngalande. Pakazama, ankabwezeramo dothi n'kupondaponda. Popeza sinkaloledwa kuzama, ngalandeyo inayenera kutambalala kuti madzi onse akwanemo, ndipo inadya theka la kadimba ka Shamsa ka therere ndi mpiru.

"Ndiwo zanu zapita," anatero a Fakiri.

"Zipite."

"Amuna anu akabwera muwauze kuti therere ladyedwa ndi Fakiri. Adziwa kuti ndine mbuzi yokalamba."

Shamsa anaseka, n'kudabwa yekha. Ankakhala pakhonde mwana ali pamiyendo, n'kumaonerera momwe fosholo yolala ija inkasalazira m'mbali ngati munthu wozira nyumba. Nthawi ya swala iwo ankasamba m'manja ndi madzi a m'botolo lija, n'kuyala thumba pansi pa mango. Tsiku lachiwiri Madina anayamba kuwatcha "gogo", ndipo ankawapatsira timiyala, iwo n'kumalandira ndi manja awiri.

Lachisanu m'mawa anafika pa mtengo wa mango. Kumwamba kunali kutayamba kuda cha kunyanja. A Fakiri anaongola msana mpaka pomwe umalekezera.

"Kwatsala kuyesa. Muikeni m'katimo, inu mubwerere mmbuyo."

"M'ngalandemo?"

"Ndi youma. Akatuluka yekha ndamaliza. Akalephera sindinamalize."

Shamsa anamutsitsira mwanayo pansi pa ngalande. Kubwerera mmbuyo mapazi anayi kunali ngati kukwera phiri. Madina anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti amayi ake amusiya, n'kukwiya. Anathamangira m'mbali, anakwera pang'ono, dothi linagumuka, n'kutsetsereka chokhala. Analira. Shamsa anali atanyamula kale phazi.

"Dikirani, mama," anatero a Fakiri mofatsa. "Wolakwa si mwana. Apa ndaimika kwambiri."

Anamutulutsa okha n'kumupereka kwa mayi ake. Anatenga fosholo n'kusenga mbali yonse ya kunyumba, kuyambira pa mango mpaka kudambo, n'kupondaponda ndi mapazi. Zinawatengera mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo swala ya Ijuma anatsala pang'ono kuiphonya. Atabwerako ku mzikiti anati ayesenso.

Ulendo uno Madina sanalire. Anagwira dothi ndi manja, matako m'mwamba, n'kukwawa ngati nkhanu mpaka pamwamba. Anaimirira, n'kuthamangira chitenje cha amayi ake, n'kuwamenya pa ntchafu ndi kadzanja kamatope.

"Ndamaliza," anatero a Fakiri. Anatenga kabango kaja n'kukazika kumutu kwa ngalande. "Koma ngalande silera mwana. Madzi ngakhale a m'beseni ndi madzi. Maso anuwo musawagoneke. Ine ndangokuchotserani katundu pang'ono."

Mvula yachiwiri ija inagwa madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, yamphamvu kuposa yoyamba. Shamsa anaima pazenera lakumbuyo mwana ali kumsana. Madzi ofiira anatsika m'chitunda monga mwa masiku onse, anafika pa mango, n'kukhota. Anadutsa kuseri kwa nyumba atatambalala, akunyamula masamba ndi zitsononkho, ndipo kabango kaja kankangogwedezeka mutu uli pamwamba. Itakata mvula, Shamsa anakayang'ana mzere wake wakhala womaliza. Chinyontho sichinaupitirire.

Salimu atabwera anamata mng'alu uja, n'kudandaula za therere masiku awiri.

A Fakiri akukumbabe. Mwezi watha anali ku Kanyenda, kwa mphunzitsi wina wa ana atatu, ndipo akuti masiku ano asanadule bango amayamba akhala pansi n'kufotokoza, a Mwanahalima atawalumbiritsa. Shamsa akawaona m'njira sapatukanso. Amaima, n'kufunsa za msana, iwo n'kuyankha kuti msana ulipo koma unasiya kuwamvera.

Ndowa amazivindikirabe, ndipo chipumi cha mwana amachikhudzabe. Mvula itatha mu Epulo, mpunga ukucha kudambo, tsiku lina m'mawa anamutenga Madina n'kupita naye kumutu kwa ngalande. Kabango kaja kanali katauma, katayera. Anakazula mosamala, n'kupukuta dothi, n'kukaimika pambali pa phazi la mwanayo, kuchokera pomwe anakathyolera. Bondo linali litapitirira ndi chala chimodzi. Anayezanso kachiwiri kuti atsimikize, n'kukabwezera m'malo mwake.